Uko ndine wopukuta, kuno ndine gadiyani

Kanayi. Ndawerenga ndi maso angawa. Singano yalowa m'manja mwa amayi anga kanayi, ndipo kanayi konseko yatuluka osapeza mtsempha. Ine ndili chiimire pambali, beseni m'manja, chitenje m'chiuno, ngati mlamu wongobwera kudzazonda matenda. Ndiye musayambe zondiuza kuti ndiugwire mtima. Ndaugwira chaka ndi theka, lero wandipulumuka.

Ndinafika kuno ku Mulanje Lachisanu kuchokera ku UK, pa tchuthi cha masabata atatu chimene ndinachita kupempha chogwada. Ndapeza amayi atsegula m'mimba masiku anayi, shuga nayenso wakwera, thupi lauma ngati makaka. M'mawa uno tachita hayala galimoto kupita nawo kuchipatala. Dzina la chipatalacho sinditchula, ndinagwirapo ntchito zaka 9 ndipo alonda ake mpaka lero amandipatsa moni wa "asisita". Aliyense amene anagwirapo mu tenti ya kolera amadziwa kuti munthu akauma chotero mitsempha imabisala, umachita kuifufuza ndi nsonga ya chala, maso sathandiza. Ndiye pakubwera mtsikana wachizungu, yunifolomu ikununkhirabe sitolo. Akuti ndi wongodzipereka, akuphunzira udokotala kwawo, wabwera masabata 6 kudzatithandiza.

Koyamba ndinakhala chete. Kachiwiri ndinaluma mlomo. Kachitatu amayi anabuula nati, "Mwanawe, zikundipweteka." Mtsikana uja anamwetulira n'kuyankha kuti, "Zikomo!" Mawu a Chichewa amene ali nawo m'thumba ndi awiri, enawo ndi "muli bwanji", ndiye anasankha amene anali pafupi. Apo ndinatulutsa Chingerezi chomwe ndimadyera uko n'kumuuza kuti andipatse ndiyese, ndine namwino. Anandimwetulira kumwetulira kuja mumakudziwa inu muli uko, kwa mano okhaokha, nati achibale adikire panja. Ndinacheukira kwa nesi wa pa wodi, mwana amene ine ndinamuphunzitsa kugwira kanula, kasingano ka diripi kaja, manja ake akunjenjemera. Anayang'ana pansi.

"Asisita, pepani. Pano ndinu gadiyani."

Kachinayi ndinakaonera pa zenera.

Inu anzanga a ku Leeds, ku Luton, ku Manchester, sindikufunika kukufotokozerani. Kudzuka 5 koloko kunja kuli bii, kuzizira kolowa m'mafupa kumene chiperoni chathu chili ngati mwana. Mabasi awiri. Nyumba khumi pa tsiku, nkhalamba iliyonse mphindi 30: kuidzutsa, kuisambitsa, kuisintha thewera, kuiphikira tiyi, kudina pa foni kuti ndafika, kudinanso kuti ndachoka. Nthawi yoyenda pamsewu bwana wanga saiwerenga, ngati ndimauluka. Ndipo tiyi ameneyo! Amayi angawa anathyola tiyi zaka zoposa 20 mu esiteti, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kuti ine ndiphunzire ndisadzagwire tiyi. Ndaphunzira, ndakwera ndege, ndakafika kumene tiyiyo amapita, ndipo ntchito yanga ndi kumuphika. Wina amabweza kapu kuti mkaka wachuluka.

Uko sindiloledwa kanthu. Panado weniweniyu ndimapereka pokhapokha alembedwe pa pepala, ndisayinire. Tsiku lina ndinaona bala pa mwendo wa gogo wina, kufiira kukukwera, khungu likutentha, fungo lija loti namwino aliyense amalidziwa asanatsegule bandeji. Ndinanena. Anandiyankha kuti mbali yanga ndi kulemba ndi kuimba foni, zoyeza ndi za anamwino. Namwino wawo anabwera patapita masiku awiri, n'kunena ndendende zomwe ndinanena ine, gogoyo n'kugonekedwa. Palibe anandicheukira.

Kuti akulembe ngati namwino uko, uyambe wakhoza mayeso a Chingerezi. Pa IELTS amafuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, 6.5 pa kulemba. Ndalemba kawiri, kawiri konse pa kulankhula ndapeza 6.5, ndalama za mayeso n'kupita ngati zaponyedwa mu Ruo. Ine amene ndinakwapulidwa ku pulayimale chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi! Ukadutsa pamenepo kuli mayeso a pa kompyuta, kenako OSCE, kumene umakaonetsa luso lako pa chidole ndi anthu ochita sewero, wina atagwira wotchi. Chidole amachiteteza kwa ine. Amayi anga, munthu wa magazi, ndani anawateteza m'mawa uno? Mayeso a Chichewa mtsikana uja analemba kuti? Anapeza 7 pa "zikomo"?

Chondiseketsa china n'chakuti dziko lathu lili pa mndandanda wa mayiko amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati ali ndi anamwino ndi madokotala ochepa kwambiri, moti dziko la UK sililola kuti anthu azibwera kuno kudzakopa ogwira ntchito zachipatala. Ulemu waukulu. Ndiye pakhomo la anamwino anatseka kuti asatibere, koma khomo la osamalira okalamba analitsegula mu 2022, tonse n'kulowera kumeneko ngati ngumbi pa nyali. Chipatala cha kuno chataya namwino, cha uko sichinapeze namwino. Amene wapindula ndi bwana wanga, wapeza wopukuta wodziwa kuwerenga kugunda kwa mtima.

Ndipo viza yako ili m'thumba mwa bwanayo. Ukayankha mwano ntchito n'kutha, uli ndi masiku 60 opezera wina wokuimira, apo ayi longedza. N'chifukwa chake timaseka nthabwala zosaseketsa. Gogo wina amanditchula dzina la galu wake amene anafa kalekale, ine n'kumavomera.

Kanayi, abale anga. Dzanja lamanzere kawiri, lamanja kawiri. Pano patupa, pada ngati mabilinganya.

Mu Malichi 2023, Freddy atagwetsa napolo m'phirimu, ine ndinali pa ntchito. Milatho itakokoloka, magetsi atazima, ambulansi ilibe podutsa. Anthu ankabwera atanyamulidwa pa zitseko, matope mpaka m'makutu, ena sitinkadziwa kuti bala lili pati mpaka titawatsuka. Usiku umodzi ndinabereketsa azimayi atatu, foni ndaluma ndi mano kuti tochi iunikire, magolovesi ndikuchita kuwawerenga. Tisanapume n'komwe ku kolera amene anayamba mu 2022 uja, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'matenti a kolera ndimo ndinaphunzira kupeza mtsempha pa munthu woti maso alowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Zonsezi pa fomu ya uko palibe malo ozilembapo. Pali kabokosi kofunsa ngati ndinaphunzira kusamba m'manja, ndipo anandichititsadi maphunziro ake, satifiketi ndili nayo.

Koma mtsikana ujayo akabwerera kwawo, masabata 6 amenewa adzalowa pa CV. Loweruka akukakwera Sapitwa, ndamumva akufunsa za operekeza a ku Likhubula. Sabata yomaliza ku Cape Maclear. Zithunzi ali ndi ana a eni m'manja zili kale pa Instagram, sindikukayika. Ine uko nditangojambula nkhalamba imodzi, ngakhale chala chake chokha, tsiku lomwelo ntchito yatha.

Nanunso a kuno musaseke, ndikubwera kwa inu. Chifikire sindinapume. Achimwene akufuna foni ya maso atatu kumbuyo. Amalume akuti denga likudontha, denga lomwe ndinatumizira ndalama ya malata chaka chatha, malatawo sindikuwaona. Azisuweni akuti ndiwapezere njira, ndikawauza kuti khomo lomwe ndinalowera ine analitseka mu Julaye 2025 akuti ndine wodzikonda, ndakwera mumtengo n'kugwetsa makwerero. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense kuno anasanduka katswiri wa masamu a paundi. Amadziwa mtengo wake wa tsiku ndi tsiku kuposa ine. Koma renti ya kachipinda kanga, kamene ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri, palibe amafunsa. Poti ndalama ikalira pa Airtel Money imabwera yosamba kale, fungo la thewera silimveka.

Ine ndemwe ndine chitsiru chachikulu pa onsewa. Ndinagulitsa puloti ya ku Chitakale kupatsa munthu wondipezera ntchito, ndalama imene ndinadzamva nditafika kuti sindinkayenera kulipira n'komwe. Sinowo woyamba atagwa ndinathamangira panja kukajambulitsa, mano akugundana, n'kulemba pa Facebook kuti Mulungu ndi wabwino. Ndinaikanso chithunzi nditavala malaya a buluu a kuntchito, anthu n'kumalemba kuti "anesi athu a ku UK", ine osatsutsa, n'kumangodina kamtima pa ndemanga iliyonse. Mphatso zimene ndabweretsa mu sutikesi ndagula m'masitolo a zovala zakale uko, kaunjika yemweyo amene achemwali akanamupeza pa Limbuli motchipa. Ndipo layisensi yanga ya unamwino ya kuno inatha, sindinaikonzenso, ndinkati ya chiyani poti ndikupita ku zazikulu. Ndiye mwana uja ponena kuti ndine gadiyani sananame. Pa pepala ndine gadiyani kuno, uko ndine wopukuta. Unamwino wanga watsala m'zala zokha.

Ndisachimwe, si onse obwera kudzadzipereka ali chomwecho. Tinali ndi dokotala wina wachikulire amene anakhala nafe zaka, Chichewa chake chokhotakhota koma chomveka, maliro a m'mudzi ankapita. Asanagwire wodwala ankayamba wafunsa kuti, "Asisita, inu mukuona bwanji?" Ameneyo atachoka tinalira. Ndipo ngakhale mtsikana wa leroyu, nkhope yake inafiira, manja ankanjenjemera, ndinaona. Si mfiti. Ndi mwana amene wapatsidwa chinthu choposa msinkhu wake, ndipo omupatsawo ndife. Inenso nthawi yanga ndinkawapatukira, n'kumawamasulira, chifukwa amabwera ndi makatoni a magolovesi ndi makanula pamene ife kabati ili mbee. Mwina makanula anayi amene waononga pa amayiwo anabwera nawo yekha mu sutikesi. Ukamadya za mwini sukweza mawu.

Koma kanayi.

Pamene ndinali pa zenera paja ndinawerenga mabedi. Odwala odzaza, ena pa matiresi pansi, nesi mmodzi yekha. Pa wodi imeneyo tinkakhala awiri. Wachiwiriyo ndinali ine. Ndiye ndikamafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana wa sukulu akubaya amayi anga, yankho lake lili mu pasipoti yanga.

Masana mzungu uja atapita kukadya, nesi uja anabwera, n'kukoka katani, n'kundiika kanula m'manja osalankhula. Ndinamanga mkono, n'kusisita, n'kutseka maso. Kamodzi. Diripi inayamba kudontha. Amayi sanabuule n'komwe, anangoti, "Dzanja ili ndikulidziwa."

Madzulo ano atapezako mphamvu anandikodola kuti ndiwerame. Anati, "Iwe, ntchito yako ya uko ndimaidziwa. Anandiuza anzanga a kumvano, mwana wawo ali komweko. Umasambitsa amayi a eni ake." Ndinafuna kukana, pakamwa panauma. Chaka ndi theka ndakhala ndikuwauza pa foni za chipatala chachikulu cha magalasi chimene sindinalowemo. Iwo anangondigwira chala nati, "Uziwasambitsa bwino. Nawonso ana awo anawathawa." Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Mwana wanga ali ndi zaka 7. Ndinanyamuka patangopita miyezi iwiri chikhazikitsireni lamulo la mu Malichi 2024 loletsa osamalira okalamba kutenga mabanja awo, ndiye anatsala ndi achemwali. Lachisanu nditatsika galimoto anabisala kumbuyo kwawo, n'kundipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo wa kumpingo. Dzino lake loyamba linaguluka ine ndikusintha thewera la munthu amene sadziwa dzina langa. Dzulo wandifunsa ngati ndikapitanso ndidzabwere ali sitandade chani.

Tikiti yobwerera ili m'chikwama, ndege inyamuka pa Chileka pakatha masabata awiri. Ngongole ya ulendo woyamba sinathe, puloti inapita, fizi ya mwana ndi mankhwala a shuga a amayi zimachokera ku mathewera omwewo. Ndikwera, ndikudziwa kuti ndikwera. Koma mafomu okonzera layisensi yanga ya kuno ndawafunsa kale kwa nesi uja, akuti andibweretsera mawa, ndipo ndikawalemba ndisanapite.

Ndikulemba izi ku khitchini ya magadiyani, utsi uli m'maso, mayi wina wa ku Muloza wandibwereka mafuwa ake. Madzi atentha. Ndikukawasambitsa amayi, ndipo lero palibe foni yondiwerengera mphindi.