Ku Joni amaimbira kampani, kwathu mwana wa pa Poly amatsegula yekha

Mwezi watha ndinachoka ku Joni kuthamangira kumudzi, mlongo wanga atabereka mwana wosakwana masiku. Kamwanako kanali pa okosijeni m'chipatala china cha m'boma lathu. Usiku wachiwiri, makina aja opereka okosijeni amati concentrator anayamba kulira alamu. Mtima wanga unangoti phwii.

Inu amene mumagwira ntchito m'zipatala za kuno ku Joni mukudziwa mmene zimakhalira. Makina akangotsokomola, timalemba fomu, n'kuwakankhira pakona, n'kumadikira a kampani amene anatigulitsa. Palibe amakhudza ngakhale sikulu imodzi, poopa kuononga waranti.

Kwathu kunalowa mtsikana wowonda atakoleka kachikwama paphewa. Anasamutsira mwanayo pa silinda kaye, kenako anagwada pansi n'kutsegula makinawo. Anatulutsa fyuluta yofiira ndi fumbi ngati yakwiriridwa m'munda, n'kuikamo youma ya m'chikwama chake. Anapeza kapaipi kena kataphwa, n'kukamanga. Atayeza, okosijeni anakwera kufika pa 93 peresenti. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, mwaphunzira kuti zimenezi?" Anati pa Poly, imene pano ndi MUBAS. Anandifotokozera modekha kuti mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 pa 100 basi, ndipo makinawo amaupopera mu timiyala totchedwa zeolite timene timagwira nayitrojeni kuti patsale okosijeni. Fumbi ndi chinyezi ndiwo adani ake, ndipo kwathu zonse ziwiri n'zosasowa.

Apa mpamene ndinamvetsa chimene digiri ya biomedical engineering ya kwathu ikufuna. Pa MUBAS ndi pa MUST ku Thyolo, mwana amaphunzira zamagetsi, masamu, kapangidwe ka thupi la munthu ndi kujambula makina, koma maso ake ali pa wodi imene magetsi amathima ndipo sipeya ali kutsidya kwa nyanja. Taonani Pumani, makina othandiza makanda kupuma amene a Rice University ya ku Houston anapanga pamodzi ndi madokotala a ku Queens. Anayamba ndi mapampu a m'thanki ya nsomba ndi botolo la madzi! Dzina lake lenilenilo ndi lathu.

Ndisaname, South Africa yatisiya kutali pa kafukufuku. Allan Cormack, amene analandira Nobel mu 1979 chifukwa cha CT scan, njira yojambulira m'kati mwa thupi, maganizo akewo anayambira pa Groote Schuur ku Cape Town. Lodox, makina ojambula thupi lonse m'masekondi ochepa, anabadwira kuno, kuchokera ku migodi ya dayamondi. Ku yunivesite ya Cape Town (UCT) maphunzirowa ndi a masters, ku yunivesite ya Wits ku Joni ambiri amapitirira kukachita udokotala kapena zamagetsi. Malabu awo ndi osiririka, ntchito ziliponso, pamene ana athu ena akumaliza digiri n'kukhala pakhomo. Zimenezo zimandiwawa kwambiri. A ku Zambia nawo ali ndi koleji ya NORTEC ku Ndola, sindikuwachepetsa.

Koma pa 2 koloko usiku, mwana wa mlongo wanga milomo itayamba kuda, labu ya ku Cape Town sikanamuthandiza. Anathandiza ndi uja anagwada pa simenti, tochi ya foni ataluma kukamwa. Mphwanga wamkulu akulemba MSCE chaka chamawa ndipo amakonda kumasula mawailesi. Ndinkafuna kumuitanira kuno. Ndamuimbira dzulo kuti alimbikire Physics ndi Masamu, asankhe MUST kapena MUBAS, fizi ndizilipira ine.