Kupewa nkhani si kwa achinyamata okha

Mlembi wina akunena kuti achinyamata asiya kutsatira nkhani chifukwa alibe chidwi ndi ndale, koma ine sindikugwirizana naye kwenikweni. Lipoti la chaka cha 2024 la Reuters Institute, bungwe lofufuza za utolankhani, linapeza kuti anthu 39 pa 100 aliwonse amene anafunsidwa m'mayiko osiyanasiyana amapewa nkhani nthawi zina kapena kawirikawiri, pomwe mu 2017 anali 29, ndipo ambiri amanena kuti nkhanizo zimawafooketsa ndi kuwatopetsa, osati kuti sizikuwakhudza.

Ife amene imvi zayamba kutuluka timachitanso zomwezo, kungoti timazitcha nzeru. Munthu akaona zisankho zambiri, malonjezo omwewo akubwerezedwa ndi nkhope zatsopano, amazimitsa wailesi nkhani zikangoyamba n'kunena kuti zonsezi anaziona kale, koma mdzukulu wake akachita chimodzimodzi pa foni, akuti ndi ulesi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wachikulire, ngakhale atasiya kumvera nkhani, amapitabe kukavota ndi maganizo amene anawaumba zaka makumi angapo zapitazo, pamene wachinyamata, amene adzakhale nthawi yaitali pansi pa malamulo a osankhidwawo, nthawi zambiri satuluka n'komwe pa tsiku loponya voti.