Mbalame yogona kuuna ngati mbewa

Nkhani yomwe mwalemba yokhudza cahow, mbalame yapanyanja ya kuchilumba cha Bermuda, ndaikonda, koma alembi mwapupuluma ponena kuti mbalameyi ikutha chifukwa cha mphepo zamkuntho basi. Ayi ndithu, anaiyamba ndi anthu. Angerezi atakhazikika pachilumbapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 anaidya ngati ndiwo, kwinaku nkhumba, amphaka ndi makoswe obwera ndi zombo akufukula mauna n'kumadya mazira ndi anapiye. Mbalame yoikira dzira limodzi lokha pachaka ikanapirira bwanji? Kwa zaka zoposa 300 anthu ankati inatheratu, mpaka mu 1951 pomwe anapeza mabanja 18 okha patizilumba tamiyala.

Amene amandigometsa ndi David Wingate. Analipo tsikulo ali mnyamata, ndipo moyo wake wonse anauthera pomangira mbalamezi mauna a simenti. Pakhomo ankaikapo thabwa loboola, kabowo kochita kuyeza, kuti cahow ilowe koma mbalame ina yotchedwa longtail, yomwe ndi yokulirapo pang'ono ndipo imapha anapiye, ikanike. Nzeru zake!

Mphepo yamkuntho yotchedwa Fabian ya mu 2003 inagumuladi mauna ambiri, n'chifukwa chake osamalira mbalamezi anayamba kusamutsira anapiye pachilumba chokwera cha Nonsuch. Zimenezi mukanazilembako.