Lightning Bolt ya 1993 ikadali ndi malo mu Modern, koma osati mu deki iliyonse

Anzanga osewera masewera a makhadi a Magic: The Gathering, mawu akuti Lightning Bolt yatha ntchito akumveka kawirikawiri masiku ano, makamaka kwa osewera Modern, mtundu wa masewerawa umene umalola makhadi otuluka kuyambira 2003. Akuti makhadi atsopano aiposa, ndipo amene akuiyikabe mu deki akungokakamira zakale. Ine ndikukana. Maganizo anga ndi akuti khadi limeneli likadali m'gulu la makhadi abwino kwambiri a mana imodzi (mana ndi imene mumalipira poponya khadi), kungoti ambiri amaliyesa ndi muyeso wolakwika. Amangowerenga zilombo zimene limapha, nkuiwala kuti ndi lokhalo pakati pa anzake limene limathanso kumaliza masewera.

Khadili linatuluka mu 1993 m'gulu loyambirira la Alpha, pamene Richard Garfield ndi kampani ya Wizards of the Coast ankayambitsa masewerawa. Mtengo wake ndi mana imodzi yofiira, ndi instant (khadi loponya ngakhale pa ulendo wa mnzanu), ndipo limamenya 3 pa chilichonse chimene mwaloza: chilombo, planeswalker (khadi la mthandizi wokhala ndi loyalty ngati moyo wake) kapena wosewera mnzanu. Itadutsa Fourth Edition ya 1995 analisiya kwa zaka zambiri, chifukwa anaona kuti mphamvu yake yapitirira mtengo. M'malo mwake anabweretsa Shock, yomenya 2 pa mana imodzi, ndipo patsogolo pake, mu 2013, Lightning Strike, yomenya 3 pa mana ziwiri. Khadi la Bolt linabwereranso m'magulu a Magic 2010 ndi Magic 2011, ndipo kumeneko ndi kumene linapezera chilolezo cholowa mu Modern. Mu Pioneer, mtundu wina wa masewerawa, mulibe, choncho zonse ndikunenazi sizikukhudza kumeneko.

Tiyambe ndi zimene otsutsa akunena, chifukwa zili ndi mutu. Unholy Heat ya 2021 imamenya 2, koma manda anu (mulu wa makhadi anu otha ntchito) akakhala ndi mitundu 4 ya makhadi imamenya 6. Galvanic Discharge ya 2024 imakupatsani energy 3, ndipo mumalipira imene mukufuna, iyo nkumenya chiwerengero chomwecho. Mukapha nayo kachilombo ka Ragavan, amene kulimba kwake ndi 1, mumangotaya energy imodzi nkusunga ziwiri, ndiye Discharge yachiwiri ifika 5. Fatal Push ya 2017 siyang'ana kulimba konse, imangoyang'ana mtengo wa chilombo. Pa ntchito yopha zilombo zokha, makhadi atatuwa amafika kumene Bolt siingafike. Zimenezi palibe angakane.

Koma werengani bwino mawu olembedwa pa makhadi atatuwo. Palibe ngakhale limodzi limene mungaloze wosewera. Mnzanu akatsala ndi moyo 3, inu muli ndi Unholy Heat ziwiri m'manja, mungoziyang'ana basi. Mukakumana ndi deki yopanda zilombo zambiri, makhadi amenewo amagona m'manja mpaka masewera kutha. Bolt siigona. Ikasowa chilombo choti iphe, imapita kwa mwini wake.

Ndipo 3 mu Modern ndi wamkulu kuposa mmene amaonekera. Aliyense amayamba ndi moyo 20, koma ochepa ndi amene amakhalabe pa 20. Ma land, makhadi opereka mana, ena amadya moyo wa mwini wake: fetch land, imene mumathyola kuti mutenge land ina mu deki, imadya 1, shock land yolowa yosapindika (yoti igwire ntchito pompo) imadya 2. Munthu amene pa ulendo woyamba wathyola fetch land ya Scalding Tarn nkutenga shock land ya Steam Vents yoti agwiritse ntchito pompo ali kale pa 17, inu musanamukhudze. Akachitanso chimodzimodzi pa ulendo wachiwiri wafika 14. Kuchokera pa 20 mumafunika makhadi 7 omenya 3, kuchokera pa 17 mumafunika 6, kuchokera pa 14 mumafunika 5. Apa ndi pamene deki ya Burn, yomenya wosewera mwachindunji, imadyera: Lava Spike, Rift Bolt, Boros Charm yomenya 4, Goblin Guide akuluma 2 ulendo uliwonse. Ngakhale deki yosakhala Burn imapindula. Bolt, kenako Snapcaster Mage, chilombo cholola kuponyanso khadi la kumanda, kenako Bolt yomweyo kuchokera kumanda, zonse pamodzi ndi mana 4 ndipo zimachotsa moyo 6 kumapeto kwa ulendo wa mnzanu, nkukusiyirani chilombo cha 2/1 (mphamvu 2, kulimba 1) choti chiukire ulendo wanu ukayamba. Mnzanu amene akudziwa kuti muli ndi Bolt amayamba kuopa kulipira moyo akafika pa 8 kapena 7, amalowetsa land yopindika, amachedwa ndi ulendo wathunthu. Phindu limeneli silioneka pa khadi, koma masewera ambiri amatembenukira pomwepo.

Nanga zilombo zimene zimalamulira maulendo awiri oyamba, kulimba kwake ndi kotani? Ragavan, Nimble Pilferer ndi 2/1. Dragon's Rage Channeler ndi 1/1, ndipo ngakhale atakula amathera pa 3/3. Orcish Bowmasters ndi 1/1. Guide of Souls ndi 1/2, Ocelot Pride ndi 1/1, Ajani, Nacatl Pariah ndi 1/2. Zonsezi zimafa ndi Bolt imodzi. Makhadi atsopano amphamvu kwambiri akhala akubwera ngati tizilombo totchipa tokhala ndi luso loopsa, osati ngati zimphona, ndiye chaka chilichonse Bolt ikupeza zatsopano zoti iphe. Kukhala instant nakonso kuli ndi ntchito. Ragavan akalowa mwa dash amaukira pompo nkubwerera m'manja ulendo ukamatha, ndiye sorcery, khadi loponya pa ulendo wanu wokha, siimupeza. Land ya Mutavault imasanduka chilombo cha 2/2 kwa ulendo umodzi mwini wake akafuna, ndipo Bolt imaigwira pamenepo, mnzanu nkutaya land.

Tsopano pamene anthu amaitayira pachabe, chifukwa ambiri amene amati khadili ndi lofooka analiponya nthawi yolakwika.

Msampha wodziwika kwambiri ndi Tarmogoyf. Mphamvu yake ndi chiwerengero cha mitundu ya makhadi m'manda onse, kulimba kwake ndi chiwerengero chomwecho kuonjezapo 1. Tinene kuti m'manda muli land ndi sorcery basi, ndiye ali 2/3. Mwaponya Bolt. Imamenya 3, kenako imalowa kumanda ngati instant, mtundu wachitatu. Masewera amayang'ana ngati chilombo chafa pokhapokha Bolt itamaliza ntchito yake nkulowa kumanda, ndipo panthawiyo Tarmogoyf ali 3/4. Wapulumuka, inu mwataya khadi. Musanaponye, suzumirani manda onse awiri. Ngati instant ilimo kale ndipo iye akadali 2/3, afa. Ngati mulibe, dikirani kapena phatikizani ndi kumenya kwina.

Death's Shadow ali ndi msampha wofanana. Ndi 13/13 kuchotsapo moyo wa mwini wake, ndiye mwiniyo akakhala pa 10, Shadow ndi 3/3. Mukaloza Bolt mnzanu ali ndi fetch land yosathyola, amangoithyola, moyo nkutsika pa 9, Shadow nkukhala 4/4. Ndipo kumenya mwini wake ndi Bolt kumamukulitsa ndi 3, choncho musamaponye kumaso mpaka mutawerenga kuti mumaliza. Psychic Frog naye ndi 1/2, koma mwini wake akataya makhadi awiri m'manja poyankha Bolt amakhala 3/4 mpaka kalekale. Muponyereni pamene manja a mnzanu ali opepuka, kapena vomerezani kuti mwamulanda makhadi awiri ndipo mukhale ndi yankho lachiwiri. Monastery Swiftspear mumuphe pa ulendo wanu, mana ya mnzanu itatha, chifukwa pa ulendo wake ma spell awiri osakhala zilombo amamufikitsa pa kulimba 4.

Pa ma planeswalker pamafunika kudziwa amene amayamba kuchita. Kuyambira 2018 Bolt imaloza planeswalker mwachindunji, koma akangolowa, mwini wake ndiye ali ndi mwayi woyamba, ndipo kusintha kwa loyalty ndi malipiro, simungakulowerere. Liliana of the Veil amalowa ndi 3, akakwera ndi 1 ali pa 4, Bolt imamusiya pa 1. Jace, the Mind Sculptor amalowanso ndi 3. Akagwiritsa ntchito luso lake la 0 amakhalabe pa 3 ndipo Bolt imamuchotsa, khadi la mana imodzi kugwetsa la mana 4. Ndi chifukwa chake wosewera wochenjera akaona land yofiira yosapindika amayamba wamukweza pa 5.

Musaiwalenso kuti kuvulala kumakhala pa chilombo mpaka ulendo utatha. Chilombo cha kulimba 5 chikaukira, tchingani ndi chanu cha mphamvu 2, kumenyana kukatha onjezani Bolt, chafa.

Pali malo amene Bolt imagonjadi, ndipo pamenepo otsutsa akunena zoona. Murktide Regent amatha kulowa ali 8/8. Primeval Titan ndi Wurmcoil Engine onse ndi 6/6, ndipo kuponya ma Bolt awiri pa chilombo chimodzi ndi kudzisaukitsa. Chalice of the Void ikaikidwa pa 1, mtengo wake mana ziwiri zokha, imaletsa spell iliyonse ya mana imodzi. Deki imene yadzaza Bolt, Unholy Heat, Ragavan ndi Channeler imaima nji pamenepo, ndiye sungani mu sideboard (makhadi osinthira pakati pa masewera) chophwanyira ma artifact ngati Chalice cha mtengo wina. Mu Commander, kumene aliyense amayamba ndi moyo 40 ndipo adani ndi atatu, kumenya 3 kumaso kulibe tanthauzo. Kumeneko Swords to Plowshares ndi anzake ali patsogolo kwambiri.

Ndiye muyike angati? Funso loyamba ndi lakuti, kodi deki yanu imatsitsa moyo wa mnzanu kuyambira maulendo oyamba? Ngati inde, ikani 4, osakambirananso. Mu deki ya makhadi 60, makope 4 amakupatsani mwayi wa pafupifupi 40 pa 100 woti mukhale ndi limodzi m'makhadi 7 oyamba, ndi pafupifupi 53 pa 100 mukaona makhadi 10. Mukaphatikiza ma Bolt 4 ndi makhadi ena 4 a mana imodzi opha zilombo, mwayi wa manja oyamba umakwera kufika pafupifupi 65 pa 100, ndipo umenewu ndiwo mukufuna mukakumana ndi Ragavan wa ulendo woyamba. Apa Bolt ndi Discharge sizikulimbirana malo, zimagwira ntchito limodzi: Discharge ipite pa chachikulu, Bolt isungidwe chifukwa ingadzafunike kumaso.

Ngati deki yanu ndi yodikira, yopambana mochedwa mnzanu atatha makhadi, theka la phindu la Bolt latayika, chifukwa moyo wa mnzanu sudzafika pa 3 nthawi imene zili ndi kanthu. Pamenepo tengani pepala, lembani madeki amene mumakumana nawo kwambiri, pansi pa iliyonse lembani zilombo za mana 1 mpaka 3, muwerenge zimene kulimba kwake sikupitirira 3. Zikapitirira theka, ma Bolt 3 kapena 4 ali bwino. Zikachepera, tsikirani pa 2 ndipo malo enawo mupatse Unholy Heat ngati manda anu amadzaza msanga ndi fetch land ndi Mishra's Bauble. Kumbukirani kuti Rest in Peace, yochotsa makhadi onse m'manda, ikagwa, Heat imabwerera pa 2 pomwe Bolt ikadali pa 3.

Pa masewera achiwiri, mukaona kuti mnzanu ndi wa deki ya Tron kapena Amulet Titan, madeki othamangira zimphona, ndipo deki yanu ndi yodikira, Bolt ndiyo yoyamba kupita ku sideboard. Koma ngati muli ndi zilombo zoukira, isiyeni momwemo, chifukwa njira yanu yopambana madeki amenewo ndi kumaliza Titan asanakhazikike, ndipo moyo 3 womaliza uja uyenera kuchokera kwinakwake.