Tikugawana adilesi imodzi, koma sanatiuze

Mwezi watha ndinaika makamera awiri pa shopu yanga kuti usiku ndiziona zapashopu pa foni ndili kunyumba. Ndikakhala pa Wi-Fi ya pashopupo zithunzi zimaoneka bwinobwino, koma ndikangofika kunyumba, zii. Mnyamata amene anandiikira anavutika masiku awiri ndi port forwarding (kutsegula njira pa rauta kuti foni ifikire kamera kuchokera kunja), kenako anatsegula rauta n'kundilozera nambala yoyamba ndi 100.64. "Bwana, vuto si kamera ayi. Akupatsani adilesi ya m'kati. Pa intaneti mukutulukira khomo limodzi ndi makasitomala ena ambirimbiri."

Zimenezi amazitcha CGNAT. Zinandikumbutsa kumudzi, pamene tonse tinkalandirira makalata pa bokosi la sukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno yankho limakupezani pokhapokha mutayamba ndinu kulemba. Wina akafuna kukupezani kuchokera kunja, ngati mmene foni yanga imafunira kamera ija, amathera pakhomo, chifukwa palibe wodziwa kuti uthengawo ndi wa ndani. Ndiponso mnzanu wapa adilesi yomweyo akachita zachinyengo pa webusaiti ina, mukhoza kutsekeredwa nonse, kapena kumangofunsidwa ngati ndinu munthu weniweni.

Makampani a intaneti ndikuwamvetsa. Maadilesi a pa intaneti a mtundu wakale, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe la IANA, loyang'anira maadilesiwa padziko lonse, linagawa omaliza mu February 2011. Nambala za 100.64 zija anazipatula mu 2012 kuti zizigwira ntchito imeneyi. Kusowako n'koona, sindikutsutsa.

Chikundipweteka n'chakuti pogula intaneti sanandiuze. Anandiuza za liwiro, za bandulo, za mtengo, koma za adilesi ayi. Nditapita kukadandaula ndi pamene anati ndikafuna public IP, adilesi yangayanga yofikirika kuchokera kunja, ndiziwonjezera ndalama mwezi ndi mwezi. Makamera ndinali nditagula kale!

Nanga IPv6, mtundu watsopano wa maadilesi? Inakhazikitsidwa mwamphamvu padziko lonse pa 6 June 2012, ndipo maadilesi ake ndi ochuluka moti palibe chifukwa chounjikira anthu pa imodzi. Bungwe la AFRINIC, limene lili ku Mauritius, limagawa maadilesi amenewa kwa makampani a mu Africa. Nditafunsa za IPv6, mayi wapa kauntala anangoti sanamvepo.

Pempho langa kwa a MACRA, bungwe loyang'anira za matelefoni ndi intaneti m'Malawi, ndi lakuti kampani iliyonse izilemba poyera ngati kasitomala apatsidwe adilesi yakeyake kapena yogawana, munthu asanalipire. Inu amene mukufuna kuika makamera, funsani zimenezi kaye musanagule.