Mapulogalamu akale a nyimbo pa TV: ife, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe, zandani zikukomabe?

Sabata yathayi bandulo yanga yonse yathera pa YouTube ndipo mtima sukundiwawa ayi. Anayambitsa ndi msuweni wanga wa ku Chitungwiza ku Zimbabwe, mwana wa amalume omwe anapita ku Halale kalekale nkutchona komweko. Ananditumizira kavidiyo ka pulogalamu yakale ya ZBC, TV ya boma ya ku Zimbabwe, ya m'ma 80 mmenemu, nkulemba pansi pake kuti msuweni tandionetsa nawenso zakwanu za zaka zomwezi. Nde ndinangoti duu ndi foni mmanja, chifukwa zakwathu za zaka zimenezo za pa TV kulibe, ndipo sikuti zinatayika, TV yakeyo ndi yomwe kunalibe.

Tiyambe ndi zaka kuti timvane bwino. Ku Zimbabwe kanema anayamba mu Novembala 1960, dzikolo likadali Southern Rhodesia, Harare akutchedwa Salisbury. Ku Zambia anayamba mu 1961 ku Kitwe, ku migodi uko. Ife kuno TVM inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, nthawi ya a Muluzi, poti mu ulamuliro wonse wa Kamuzu tinali ndi wailesi ya MBC basi. Werengani nokha, zaka pafupifupi 40 anzathu akuonera oimba awo ife tikungowamva. Nde munthu wa ku Zimbabwe akamati pulogalamu yakale akunena za makolo ake ali anyamata, pomwe ine ndikamati yakale ndikunena zomwe ndinaonera ndekha pa windo la kwa aneba ndili ku pulayimale. Kusiyana kumeneku kukulowa mu china chilichonse ndinene apa.

A ku Zimbabwe ndi omwe andidyera bandulo kwambiri, ndivomere. Mapulogalamu awo a nyimbo a pa ZBC, Mvengemvenge, kenako Ezomgido, anthu akhala akuika zidutswa zake pa intaneti, zina zikuchita kuoneka kuti munthu anakopera pa tepi ya VHS yomwe inakhala mu sutukesi zaka 30, mizere ikuyenda pa sikirini, mtundu utasuluka, nkhope zikuoneka zobiriwira mwina. Koma mukaona John Chibadura, Simon Chimbetu, System Tazvida, James Chimombe, anyamata atavala mofanana ataima pa mzere, mumaiwala zonsezo. Ndipo sindikufuna kuwakometsera mopitirira, zambiri mwa izo samaimba zenizeni, amangotsatira nyimbo yojambula kale, magitala opanda chingwe ali pa kapinga kapena pa thanthwe, woimba ng'oma akumenya mwaulemu kuti asasokoneze. Mwana wa lero akaona amaseka. Ine sindiseka, chifukwa olo gitalayo sinalumikizidwe, zala zili pa malo pake enieni, munthu wa bezi akuyendetsa dzanja ndendende mmene anaimbira mu situdiyo, moti mnyamata wofuna kuphunzira sungura, chamba chawo cha magitala othamanga, atha kuimitsa vidiyo nkuona pogwira. Komanso magule. Ovina aja sankanamizira, thukuta linali lenileni, mapazi akuthamanga ngati pansi pakutentha. Chimene chikukomabe m'mavidiyo amenewa ndi chimenecho, kamera inkaima patali nkusiya thupi lonse la munthu lioneke, osati zamasiku anozi zodula chithunzi sekondi iliyonse mpaka osadziwa kuti munthuyu amatha kuvina kapena ayi.

China chomwe chimandigwira mtima ndi kumva Chichewa pa TV ya eni ake. Nicholas Zakaria ndi Khiama Boys, kenako Alick Macheso, anthu a magazi a kuno omwe anakulira m'mafamu a ku Zimbabwe, ankaponyamo nyimbo za Chichewa ndipo dziko lonse linkavina. Tangoganizani, chilankhulo chathu chinkamveka pa kanema wa ku Harare pomwe ku Blantyre kanemayo kunalibe. Amalume anga aja akuti nyimbo yotere ikayamba ankakweza voliyumu nkuitana ana onse kuti bwerani mudzamve zakwathu.

Koma nawonso ali ndi bala lawo. Leonard Dembo, yemwe ambiri kumeneko amamuika pamwamba pa onse pa gitala, sankakonda makamera, nde mavidiyo ake ndi owerengeka kwambiri, anamwalira mu 1996 atasiya mawu ambiri koma nkhope pang'ono. Msuweni wanga akamadandaula za Dembo ndimamuuza kuti ululu ukuumva pa munthu mmodziwo ife timaumva pa m'badwo wonse.

Pa zoimbaimba zikuluzikulu zojambulidwa, apo ndiye Zimbabwe inatisiya kutali tonse. Bob Marley anaimba pa Rufaro Stadium mu Epulo 1980 pa chikondwerero cha ufulu wawo ndipo zithunzi zake zilipo. Mu 1987 pa bwalo lomwelo panachitika konsati ya Paul Simon pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo, anaichitira ku Harare poti ku South Africa kunali tsankho lija ndipo Makeba ndi Masekela anali othawa kwawo. Imeneyo ndaioneranso yonse usiku wa Lachitatu, ndipo ikukoma kuposa mmene ndinkaganizira, osati chifukwa cha makamera abwino okha ayi koma gulu la anthu lija, akuda ndi azungu ataima pamodzi padzuwa, ndipo Makeba akamaimba ukuchita kuona pa nkhope kuti mayiyu kwawo ndi kungowoloka Limpopo koma sangapiteko. Zoterezi sizikalamba. Zomwe zakalamba msanga kwa ine ndi magala, makonsati akuluakulu a boma aja a m'ma 2000, omwe ZBC inkaonetsa usiku wonse mpaka kucha nthawi yomwe boma linalamula kuti 75 peresenti ya zoulutsa ikhale ya m'dziko momwemo. Oimba ankaimbadi zenizeni, zimenezo ndikuyamikira, ndipo Macheso akalowa ndi gule wake wa Borrowdale bwalo linkagwedezeka, koma ndale zinali tho, mawu osokonekera, maiki kulira, woulutsa kutamanda atsogoleri mphindi khumi nyimbo isanayambe. Ukamaonera lero umangodumphitsa kufuna pomwe gitala yayambira.

Tsopano Zambia, yomwe nkhani yake imandizunguza mutu. Anthuwa anali ndi TV kuyambira 1961, anali ndi Kaunda yemwe mwini wake ankagwira gitala, ndipo m'ma 70 analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za ku Zambia. Anali ndi kampani ya Teal ku Ndola yodinda mbale za nyimbo. Mpamene panaphulika Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, magulu ngati WITCH, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, anyamata a tsitsi la afulo ndi mabuluku otambalala kumiyendo, magitala olira mokalipa. Munthu ungayembekeze kuti mavidiyo awo adzaza intaneti. Koma fufuzani muone, zambiri mupeza ndi chithunzi cha chikuto cha mbale chitangoima nyimbo ikulira kumbuyo. Mkuwa utagwa mtengo ndalama zinasowa, kenako matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo m'ma 80 ndi 90, ndipo zoyenda zomwe zimaoneka za nthawi imeneyo nzochepa poyerekeza ndi kukula kwa nyimbozo. Chomwe chinawapulumutsa ndi mbale zija. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso, achinyamata a ku Ulaya ndi ku America anazikonda, ndipo Jagari Chanda wa WITCH, yemwe anakhalapo mphunzitsi kenako nkumakakumba miyala ya mtengo wapatali, anabwereranso pa siteji ali mkulu kale nkumazungulira maiko. Nde a ku Zambia nyimbo zawo zakale zikukoma mpaka kunja, koma ndi khutu, maso alibe pogwira penipeni.

Pa kalindula, chamba cha magule a kumudzi cha ku Zambia, zinthu zili bwinoko. Mavidiyo a Amayenge mwachitsanzo alipo ndipo amakoma, azimayi atamanga zitenje m'chiuno, bezi ikugunda pansi pamtima, ndipo kwa ife a Malawi sizimveka zachilendo, Chinyanja chikalowamo umangoona ngati uli pa ukwati ku Mchinji. Chomwe ndimawakondera a ku Zambia nchoti sankachita manyazi ndi za kumudzi pa kanema, gule wa kwawo ankamuika pakati osati kumapeto kwa pulogalamu ngati chotsekera.

Apa ndipatuke pang'ono. Anyamata a Zamrock aja akanakhala kuno bwenzi atametedwa asanafike ndi pa siteji pomwe. Malamulo a nthawi ya Kamuzu sankalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali kapena kuvala mabelu, azimayi buluku ndi siketi yaifupi zinaletsedwa mu 1973, ndipo kunali bungwe lounika nyimbo ndi mafilimu kuyambira 1968. Ndiye olo TV ikanakhalapo, mwina tikanaona makwaya ndi mbumba zambiri kuposa magitala. Komabe ndikanakonda zomwezo kusiyana ndi mdima.

Chifukwa taonani omwe tinawaphonya. Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, bambo wosaona koma banjo ikulankhula m'manja mwake. Robert Fumulani ndi Likhubula River. Joseph Nangalembe, Michael Yekha, MBC Band ili pa chimake, Alleluya Band ya ku Balaka Paul Banda akadali mnyamata. Anthuwa ambiri ankajambulidwa ndi MBC pa matepi a mawu okha, onse kuimbira pamodzi kamodzi, wina akalakwitsa muyambirenso, nchifukwa chake mpaka lero ukamvera nyimbo zawo zimamveka zamoyo, ukumva mpweya wa munthu. Pa khutu sitikuchepa kwa aliyense, ndikunenetsa. Koma mwana wanga akandifunsa kuti a Namoko ankaigwira bwanji banjo ndimasowa chomuonetsa chokwanira. Mwayi womwe tili nawo ndi wa abale a kwa Kachamba, Daniel ndi Donald a ku Chileka, omwe anajambulidwa filimu mu 1967 ndi Gerhard Kubik wa ku Austria. Muione imeneyo ngati simunaione, ana ang'onoang'ono ndi chitoliro, bezi ya chingwe chimodzi, gitala m'manja mwa Daniel ikuchita zosayembekezeka. Zinatengera mlendo wodutsa ndi kamera yake kuti tikhale ndi chimenecho, ndipo zimandiwawa ndikaganiza kuti ndi angati ena anali m'midzi momwemo omwe mlendo sanawapeze.

Nde zathu za pa TV zimayambira pa TVM, Music Splash ya Geoffrey Kapusa ija, yomwe aliyense ankangoti Mr Splash. Amene munalipo mukukumbuka, nyumba imodzi yokhala ndi TV ana a mzere wonse atadzaza pansi, wina atakwera pa denga kutembenuza eriyo. Ndazioneranso zambiri sabata ino, Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Joseph Nkasa, Ethel Kamwendo, makwaya osawerengeka. Kunena mosabisa, pa kajambulidwe zambiri zakalamba kuposa za ku Zimbabwe za m'ma 80, ngakhale zathuzi nzatsopano ndi zaka 15 kapena 20. Tinalowa mu kanema nthawi yomwe kompyuta inali itangofika, nde aliyense ankafuna kuyesa batani lililonse, woimba akuuluka m'mitambo, kumbuyo kuli mathithi osakhala a kuno, chithunzi kuzungulira ngati chimbale, munthu mmodzi kuoneka patatu. Ndiponso nthawi imeneyo kiyibodi inali itayamba kulowa m'malo mwa bandi, moti mu vidiyo simuona woimba zida, mumangoona mwini nyimbo ndi ovina anayi pa kapinga wa pa hotela. Pamenepo mpomwe anzathu akutiposa, iwo anajambula bandi, ife tinajambula munthu ataima pafupi ndi galimoto yobwereka.

Koma pali zina zomwe sindingasinthanitse ndi za dziko lililonse. Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001, TV yathu ili ndi zaka ziwiri zokha. Kanema akanachedwa pang'ono bwenzi nayenso ali mu gulu la omveka mawu okha. Timphindi tochepa tomwe tilipo ta iyeyu, maso aja, kaimidwe kaja, ndimationera mobwereza ndipo thupi limachita tsembwe ulendo uliwonse. Chimodzimodzi Wambali Mkandawire, Grace Chinga, ndi Soja Lucius amene watisiya mu 2024, pano mavidiyo omwe tinkawaseka kuti ngotchipa aja ndi omwe tikuthamangira tikawasowa. Ndipo ma komenti a pansi pake amanena zonse, wina ali ku Johannesburg, wina ku Leeds, aliyense akukumbuka mayi ake omwe ankakonda nyimboyo akusita zovala Lamulungu.

Mukandifunsa kuti ndaika ndani patsogolo, pa zooneka ndi maso ndi Zimbabwe mosakaika, chifukwa anajambula zambiri ndipo anajambula anthu akugwira zida. Zambia ili ndi nyimbo zomwe zafika kutali kuposa tonse koma zithunzi zake sizikukwana. Ife tili ndi chuma cha mawu ku Chichiri, ndipo ntchito yosamutsa matepi akale a MBC kuwaika pa kompyuta yomwe inachitika ndi thandizo la ku Norway inali yofunika zedi, koma matepi a zithunzi a zaka zoyamba za TVM nawonso akufunika zomwezo msanga, tepi simadikira munthu, chinyezi ndi kutentha zimaidya ili pa shelefu. Komanso zambiri zili m'manyumba mwathu, ma VHS ndi ma DVD omwe tinkagula mu Limbe ndi ku msika wa Lilongwe ali m'makatoni pansi pa bedi.

Msuweni uja pomaliza ndinamutumizira filimu ya a Kachamba ija, nkumuuza kuti iyi si ya pa TV ndipo si ya m'ma 80, koma ndi yomwe ndili nayo. Panapita tsiku lathunthu osayankha. Kenako anatumiza voisi noti, kumbuyo kukumveka chitoliro cha Donald, akuti anawaonetsa amalume ndipo akana kubweza foni, aibwereza kanayi, akungoloza pa sikirini kuti mitengo iyo ndi ya kwathu.