Kadzanja kojambula pa bolodi kanditopetsa

Anzanga a m'mabungwe amene mumakonza mavidiyo ophunzitsa alimi, lero ndikhudza inu. Musandikwiyire.

Sabata yatha pa gulu la WhatsApp la kalabu yathu ya mtedza kuno kwa Kapiri panabwera vidiyo yonena za chuku. Ndi zija mukuzidziwa: poyera mbee ngati bolodi, kenako kadzanja kogwira cholembera kuli yakaliyakali kujambula, wina akulankhula chakumbuyo. Tinaonera pa foni yanga, anthu 7 titaunjikana pakhonde. Itatha, mayi ena achikulire anandifunsa, "Achimwene, nanga chukucho chili pati? Ine ndangoona timadontho." Ndinasowa chowayankha. Mtedza womwewo unajambulidwa ngati nsapato ya mwana.

Mlimi amaphunzira ndi maso. Mtedza umene wagwidwa nthawi zambiri umanyala, umasintha mtundu, ukaswa makoko umapeza nkhungu yobiriwira mopita ku chikasu. Ndiye mizere yakuda pamalo oyera ionetsa bwanji zimenezi? Vidiyo ija inanenanso za kuumitsa mtedza mwa Mandela cock, njira yosanja mtedza mozungulira, masamba kunja, makoko kuloza mkati, pakati nkusiya mpata wopita mpweya. Kadzanja kanangojambula kamulu konga chulu. Munthu amene sanaonepo angasanje potengera chulu? Chimodzimodzi manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono. Mlangizi akamaphunzitsa amatapa zosakanizazo nkufinya m'manja kuti muone ngati madzi akwana. Kufinyako sikujambulika ndi cholembera, kumafunika kamera ndi dzanja lenileni lakuda ndi phulusa.

Sikuti mtundu umenewu wa mavidiyo unayamba moipa ayi. Unatchuka cha m'ma 2010 pamene bungwe la RSA ku London linkatulutsa mavidiyo a nkhani za akatswiri, Andrew Park akujambula zithunzi zotsagana ndi mawuwo. Ameneyo anali wojambula weniweni, ndipo nkhani zake zinali za maganizo, zinthu zosagwirika. Kenako kunabwera mapulogalamu ngati VideoScribe, pomwe aliyense amangosankha zithunzi zokonzeratu. Dzanja mukulionalo silikujambula kanthu, ndi chithunzi chabe chongoyendetsedwa ndi kompyuta. Nchifukwa chake mavidiyowa amafanana onse ngati mandasi a m'chiwaya chimodzi. Wa inshulansi, wa katemera, wa nkhuku, bambo wake ndi yemweyo wovala tayi. Dzanja lakenso kawirikawiri limakhala lachizungu, koma izo tizisiye.

China chimene chimandinyansa ndi zolembalemba. Kadzanja kamatha masekondi angapo kulemba mawu amodzi, mwinanso a Chingerezi, timalemba tating'onoting'ono. Pa kafoni ka itel kosweka galasi, padzuwa la kuno ku Mchinji, muwerenga chiyani? Nanga amene sukulu anailekeza panjira? Ndinaonanso kuti maso a anthu ankangotsatira dzanjalo, kudikira kuti chituluke nchiyani, mawu a wolankhula nkumangodutsa. Ana ndiwo anasangalala, ankapikisana kulosera kuti ndi mbuzi kapena galu.

Okonda mtunduwu amati ngotchipa, sufuna galimoto yopita kumudzi kapena munthu wa kamera. Ndikuvomera. Ndipo pa zinthu zosaoneka ndi maso umathandizadi. Mukafuna kufotokoza mmene chiwongoladzanja chimakwerera ku banki m'khonde, kapena mmene tizilombo ta malungo timayendera m'thupi, jambulani, palibe vuto. Ngakhale pamenepo katuni ya mitundu yoyenda bwino imaposa, koma chabwino. Vuto ndi loti mwaupanga kukhala mpeni wodulira chilichonse, chifukwa ndi wosavuta kwa inu muli mu ofesi ku Lilongwe.

Loweruka ndinapita kumunda kwa tcheya wathu, amene Mandela cock amaidziwa kuyambira kale. Ndinawajambula ndi foni yomweyi akusanja, akufotokoza m'Chichewa cha kwathu, mphepo ikusokosera, tambala akulira chapatali. Mphindi 4 basi, chithunzi chogwedezeka. Nditaponya pagulu, mayi aja anaonera katatu, nkunena kuti, "Ooh, kani makoko amaloza mkati?" Pofika Lachiwiri kavidiyoka kanali katafika m'mafoni a ku Mkanda, sindikudziwa anatumiza ndani. Ya kadzanja ija ndinaifufuta, malo m'foni anandithera.